A Kachingwe sanalembe mayeso aja

Mwezi uno chakwana chaka chimwalirireni a Kachingwe, ndipo Lamlungu lapitali anawatchula m'pemphero kutchalitchi. Amene anapemphera anali a Chimwaza, mkulu wa mpingo. Anati malemuwo anali munthu wofatsa, wosakonda mikangano. Ndinatsegula maso n'kuyang'ana uku ndi uku kuti ndione ngati pali wina amene akudabwa ngati ine, koma onse anali atawerama. A Kachingwe sanali ofatsa ayi. Anali amakani, osachedwa kukalipa, munthu woti amatha kukuimika pakhomo la tchalitchi dzuwa likuswa mtengo n'kumakufunsa chifukwa chimene wadutsitsira waya wa zokuzira mawu pansi pa kapeti. Ine ndinkawakonda momwe analirimo, n'chifukwa chake pemphero lija linandiwawa.

Anabwera ku Perth atapitirira zaka sikisite, kutsatira mwana wawo Tadala, namwino wosamalira okalamba ku Midland. Mayi a kunyumba anali atatsogola, ndiye Tadala anati bambo ake asakhale okha ku Kawale. Ku Lilongwe anali atagwira ntchito ya magetsi moyo wawo wonse, m'masukulu, m'zigayo, m'nyumba za mabwana. Atafika kuno anauzidwa kuti popanda laisensi ya kuno saloledwa kumasula ngakhale soketi ya m'nyumba ya mwana wawo yemwe. Chimene ankaloledwa n'kusintha babu basi. Anthu ankawalangiza kuti apume, azisewera ndi zidzukulu, ntchito anagwira yakwana. Iwo ankayankha kuti manja awo sanapume, ndipo akufuna imfa idzawapeze ali wamagetsi, osati mlonda wa nyumba. Analowetsa mapepala awo ku ofesi yopereka malaisensi, nayamba kukonzekera mayeso ngati mwana wa Fomu 4.

Ndinadziwana nawo chifukwa cha mayeso omwewo. Nanenso ndinaphunzira za magetsi kwathu, koma kuno ndinkangonyamula makwerero ndi kukoka waya pansi pa bwana wa laisensi. Wachitatu anali Yohane, bambo wa zaka za m'masate, wanzeru zachangu, amene mkazi wake anali woyembekezera pa nthawiyo. Atatufe tinkakumana Loweruka lililonse m'galaja ya Tadala ku Girrawheen. Kenako mliri unafika, malire anatsekedwa, makalasi n'kumaimitsidwa, tsiku la mayeso n'kumasunthidwa. Kwa ine ndi Yohane kusunthako kunali kotopetsa chabe. Kwa a Kachingwe inali nkhani ina, chifukwa maso anali atayamba kuchita chidima ndipo ankadziwa kuti mwayi umenewu sudzabwera kawiri.

Mutu umene ankaukonda kuposa yonse unali wosankha saizi ya fyuzi ndi bureka, kaswichi kaja kamene kamagwa kokha n'kudula magetsi moto ukachuluka. Ankati anthu ambiri amaganiza kuti bureka imateteza ketulo kapena firiji, pomwe ntchito yake n'kuteteza waya wobisika m'khoma, amene palibe amamuona akamatentha. Uyambe wadziwa moto umene zipangizo zikukoka, ankatero, kenako upeze waya wotha kuusenza, ndipo bureka ikhale pakati: isachepere katunduyo, koma isaposenso mphamvu ya waya. Ankatinso bureka ikamagwa pafupipafupi ndiye kuti ikukuuza zoona, ndipo amene amaichotsa n'kuikapo yaikulu ali ngati munthu wothamangitsa galu chifukwa wauwa akuba. Zimenezi ankazibwereza mpaka tinkazimva kutulo. Yohane ankawatsanzira iwo akapita kukatenga tiyi, ndipo ankawatha ndithu, mpaka kakhosomole kawo komwe.

Musaganize kuti ankakhoza zonse. Pa mayeso oyeserera ankalephera kawirikawiri kuposa ife. Chingerezi cha m'buku la malamulo ankachiwerenga ndi chala, mzere ndi mzere, nthawi n'kuwathera asanafike pakati. Choipitsitsa n'chakuti ankadalira zimene anali nazo m'mutu. Kuno m'madenga amayalamo insuleshoni, zoyala zokhuthala zotchinga kutentha, ndipo waya akadutsa m'menemo sapuma, choncho moto umene angasenze umachepa, bureka nayo iyenera kuchepa. Kwathu denga ndi malata ndi mitengo basi, mphepo n'kumadutsa. Tsiku lina ndinawauza kuti yankho lawo n'lolakwa chifukwa sanachotsere za insuleshoni. Anakwiya. Anati buku limenelo analemba ndi munthu amene sanakwerepo m'denga, ndipo ine ndinali ndisanabadwe pamene iwo ankayala waya wa saizi ya 2.5 m'nyumba zimene zikuyakabe mpaka lero. Tinasiyana osatsanzikana.

Tadala ndi amene anandiuza zimene zinachitika m'kati mwa sabatayo. Masana ena a mu Januwale, kunja kukutentha ngati pa ng'anjo, anapeza bambo ake atakwera m'denga kukaona okha. Anatsika thukuta lili kamukamu, tsitsi lodzaza fumbi. Loweruka lotsatira anayankha funso lomwe lija mochotsera bwinobwino, ngati kuti ndi mmene ankachitira chibadwire. Sanapepese. Anangondithirira tiyi woyamba, ndipo kwa a Kachingwe kumeneko ndiye kunali kupepesa.

Anamwalira m'mawa wina akuthirira mpiru kuseri kwa nyumba. Mtsempha wa m'mutu unaphulika, ndipo pamene ambulansi inkafika anali atasiya kulankhula. Thupi linapita kumudzi kukagona pafupi ndi mayi, ife tinaonera mwambo pa foni. Mayeso aja anali asanalembe, ndipo chimene chinawalepheretsa si matenda kapena Chingerezi. Ndi zimene zinachitika kwa a Chimwaza miyezi ingapo m'mbuyo mwake.

Munali m'chisanu cha chaka chimene malire anatsegulidwa, pamene matenda analowa pafupifupi nyumba iliyonse. Tsiku la mayeso linali litadziwika tsopano, kutangotsala masabata ochepa. Banja lonse la a Chimwaza linadwala n'kudzitsekera m'nyumba yawo ya lendi, nyumba yakale, misewu iwiri kuchokera kwa Tadala. Anali ndi khanda lomwe chifuwa chinalipanikiza. Monga tinkachitira tonse, ankafukiza ndi masamba a bulugama, poti kuno mitengoyi ili paliponse, ndiye ketulo sinkapuma. Kuphatikiza apo anayatsa mahita awiri. Bureka inayamba kugwa. Ejenti woyang'anira nyumbayo anati wamagetsi abwera akamaliza masiku odzipatula. A Chimwaza anaimbira a Kachingwe, ndipo ine ndinawaperekeza pa galimoto. Tinaima pa kapinga titavala masiki, a Chimwaza ali pa windo.

"Bambo, tangotiikirani bureka yokulirapo," anatero a Chimwaza. "Bokosi la magetsi lili panja pomwepo, simulowa m'nyumba ayi."

"Mwayatsa chiyani ndi chiyani?"

"Mahita awiri ndi ketulo yofukizira. Basi."

"Hita imodzi imakoka maampu teni," anatero a Kachingwe. "Awiri ndi twente. Ketulo ndi teni ina. Bureka yanu ndi ya sikisitini. Nanga isagwe bwanji? Sonkhanani m'chipinda chimodzi, muyatse hita imodzi. Mukafuna kuwiritsa madzi muyambe mwathimitsa hitayo."

"Mwana akubanika, inu mukutiphunzitsa samu? Mnzako akapsa ndevu umamuzimira, bambo."

"Waya wa m'denga mwanumo ndi wakale, ndiponso wagona mu insuleshoni. Sindiika. Ngakhale laisensi ikanakhala m'thumba mwangamu sindikanaika."

Mayi Chimwaza anayamba kulira kumbuyo kwa amuna awo, khanda likutsokomola. Kunena zoona, nanenso ndinaona ngati a Kachingwe akanatha kulankhula mofewerapo. Anangotembenuka n'kukalowa m'galimoto. Madzulo ake anatuma Tadala kukasiya mabulangete pakhomo paja, limodzi ndi lawo lomwe ankafunda, koma zimenezo palibe anazilengeza. Zimene zinalengezedwa pa gulu la pa foni la mpingo n'zakuti a Kachingwe akana kuthandiza mwana wodwala poopa kuwononga mayeso awo. Ena anati asanduka mzungu. Mayi wina analemba kuti kwathu munthu wotero maliro ake amaikidwa ndi abale ake okha.

Pobwerera tsiku limenelo m'pamene anandiuza nkhani ya ku Chilinde, kamodzi kokha, akuyang'ana kunja kwa windo. Ali mnyamata anaitanidwa ku nyumba ina imene fyuzi yake inkangopsa. Anauza mwini nyumba kuti mawaya ndi ochepa mphamvu, ayenera kusinthidwa. Mwini nyumbayo anawathokoza, iwo atachoka n'kupinda waya wokhuthala wamkuwa n'kulowetsa m'malo mwa fyuzi, monga ambiri amachitira kwathu. Magetsi sanathimenso. Patapita masabata angapo nyumbayo inapsa, ndipo a Kachingwe anali m'gulu la anthu amene anatulutsa ana awiri atakulungidwa m'mphasa. Anati fungo la tsiku limenelo silinawachoke m'mphuno. 

Loweruka tinakumana monga mwa nthawi zonse. Tili pakati pa funso lina, Yohane ananena mosadandaula kuti a Chimwaza asavutikenso, anapitako Lachinayi n'kuwathandiza. Ankanena ndi mtima wabwino, ndipo ndikhulupirira kuti anapitanso ndi mtima wabwino. A Kachingwe anavula magalasi.

"Waika bureka ya saizi yanji?"

"Ya sate-thuu, Madala. N'zongoyembekezera. Akangochira ndikachotsa."

"Sate-thuu pa waya wa 2.5 wa mu insuleshoni? Iwe Yohane, funso limeneli unalikhoza sabata yatha. Nyamuka ukachotse pompano."

"Ndikachotse kuti gulu lonse lizinditukwana ngati mmene likukutukwanirani inu? Masiku atsala ochepa, palibe chichitike."

Anakalipirana mpaka Tadala anatulukira. Pomaliza Yohane anapita ku galimoto yake, natenga bureka ya sikisitini imene anachotsa ija, n'kuiponya patebulo, n'kumapita. Ine ndinati tiimbire bwana wanga, munthu wa laisensi, akakonze mwalamulo. A Kachingwe anati bwana wakoyo akaona zimenezo afunsa amene anaika, ndipo Yohane ndi mkazi wake mapepala awo okhalira m'dziko lino sanakhazikike. Ndinati ndiye ndipite ine. Anandiyang'ana ngati ndawatukwana, n'kunena kuti m'dziko lino mawaya ndimangowakoka, bokosi sindinaliphunzire mokwanira. Limenelo linali bodza, ndipo tonse tinkadziwa. Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi masikuludiraiva awo a ku Lilongwe atakulungidwa m'kachitenje, amene chibwerereni anali asanagwirepo ntchito.

"Bambo, mayeso anu," ndinatero tili m'galimoto. "Akakuonani mwatsegula bokosi ndiye kuti zatha."

"Ndikudziwa. Yendetsa galimoto."

Kunali masana, anthu oyandikana nawo ali panja, wina akutsuka galimoto yake. A Kachingwe anathimitsa swichi yaikulu, nyumba yonse n'kukhala zii. A Chimwaza anatsegula windo akukuwa kuti ndani wawapatsa chilolezo. A Kachingwe anangopitiriza ntchito yawo. Anatsegula chivundikiro, nayandikiza mphuno, ndipo ndinaona nkhope yawo ikusintha. Chikopa cha waya chinali chitayamba kuda pamene chimalowa mu bureka.  Anachotsa yaikulu ija, naikapo ya sikisitini, koma sanaiyatse. Anayatsa za magetsi owunikira ndi za kukhitchini zokha.

"Za kuchipinda musaziyatse mpaka wamagetsi wa ejenti adzaone m'denga," anatero. "Kokerani matiresi kukhitchini, mulumikize hita imodzi kumeneko."

"Mwatithimitsira moto mwana akudwala!" anakuwa a Chimwaza. "Mulungu akuoneni, a Kachingwe!"

"Andione," anatero, akukulunga zida zawo.

Khanda lija linachira. Masiku odzipatula atatha wamagetsi wa ejenti anabwera, napeza soketi ya kuseri kwa bedi itasungunuka ndiponso waya wa m'denga atapserera, insuleshoni yomuzungulira itada. Anafunsa amene anatsegula bokosi. A Chimwaza, poopa kuthamangitsidwa m'nyumba, anatchula munthu amene msewu wonse unamuona masana aja. Za Yohane sanatchule. Nkhani inafika ku ofesi ya malaisensi, ndipo a kumeneko anachita zimene lamulo limawauza: anaimika pempho la a Kachingwe mpaka atafufuza. A Kachingwe atafunsidwa anavomera kuti anatsegula bokosi opanda laisensi. Anafotokoza kuti anachotsa bureka yaikulu. Atafunsidwa amene anaiika, anati zimenezo sanena. Tsiku la mayeso linafika n'kudutsa iwo ali pakhomo.

Mkangano wathu womaliza unali wa nkhani imeneyi. Ndinawauza kuti chimene akuchita si chifundo, ndi makani, ndipo akuphunzitsa Yohane kuti munthu akhoza kutentha nyumba wina n'kumusenzera mlandu. Anati Yohane waphunzira kale, anaona yekha chithunzi cha soketi ija, ndipo kumugwetsa sikubweza tsiku la mayeso. Ndinapita kwa Yohane kukamupempha kuti akadziulule. Analira misozi yeniyeni, nalonjeza kuti akangolemba mayeso apita. Analemba, anakhoza, napeza ntchito ku migodi ya kumpoto, ndipo mpaka lero sanapite. Sindikudziwa kuti ndani mwa ife anali kukhoza, ine kapena a Kachingwe, ndipo kusadziwako kumandisowetsa mtendere.

Chimene chinawadya kwambiri si kuphonya mayeso. Ndi chakuti, poti sanatchule munthu, panatsala chikayiko choti mwina anaika okha bureka yaikuluyo n'kudzaichotsa ataona kuti zavuta. Kutchalitchi ena ankanong'onezana zomwezo, kuti madala aja anatsala pang'ono kutentha banja. Tadala akuti bambo ake ankatha kusiya chakudya pakati n'kumufunsa kuti, "Kodi anthuwa akuganizadi kuti ine ndingaike sate-thuu pa waya ameneyo? Ine?" Anasiya kupita ku mapemphero a pakati pa sabata. Kuwerenga sanasiye. Ine nditakhoza anandigwira chanza mwamphamvu, n'kundifunsa mafunso onse amene anabwera, limodzi ndi limodzi, akuyankha okha mokweza ndisanamalize. Ambiri anawakhoza. Kufufuza kuja kunali kusanathe pamene ankagwa m'dimba muja.

Sabata yatha Tadala anandiimbira kuti ndikamuonere magetsi a m'galaja, akufuna kuikamo makina ochapira. Ndinali ndisanalowemo chimwalirireni bambo ake. Anakweza chitseko, ine n'kudina swichi ya pakhoma, osayaka. Ndinati mwina ndi babu.

"Si babu, achimwene," anatero Tadala. "Siyaka chigulireni nyumba ino. Adadi anapeza vuto lake sabata yoyamba yomwe, akuti waya anaduka pamwamba pa chitseko apo. Ndinkati ndiitane munthu, ankandiletsa. Ankati imeneyo ndi ntchito yawo yoyamba laisensi ikadzabwera."

Apo m'pamene ndinazindikira kuti zaka zonse zija tinkawerenga chitseko chili chokweza, ngakhale m'chisanu, ndipo ine ndinkangoti n'chifukwa cha mliri. Ntchitoyo ndi yosatenga nthawi, munthu wa manja ngati awo akanaimaliza tiyi asanazizire, popanda womuona. Zida zinali m'galimoto yanga, laisensi ili m'thumba. Ndinauza Tadala kuti ndibwera Loweruka, chifukwa pa nthawiyo mtima sunandilole kuigwira ntchitoyo.

M'galajamo tsopano muli njinga za ana ndi makatoni a zovala zodikira kutumizidwa kumudzi. Tebulo analipinda n'kulitsamiritsa kukhoma. Pansi pali madontho a mafuta a galimoto ya Tadala, pamalo pamene mipando yathu inkakhala. Pamwamba pa chitseko, pa pulasitala, pali kamtanda kakang'ono kolembedwa ndi pensulo, kosonyeza pamene waya anadukira. Tadala anatsitsa chitseko, mkatimo n'kukhala mdima masana.